Munthu wamkulu kumawerenga mabogi ku Kanengo

Loweruka lina m'mawa ndinaima m'mbali mwa njanji chakufupi ndi ku Mgona, kope lili m'manja, bolopeni ili kukhutu. Mayi wina amene amaotcha chimanga pamenepo anandiyang'ana kwa kanthawi, kenaka analephera kuugwira mtima.

"Bambo, mwataya chiyani kodi?"

"Sindinataye kanthu, mayi. Ndikudikira sitima."

"Sitima ya kuno sinyamula anthu. Minibasi mukakwere kumsewu uko."

"Ayi, sindikupita kulikonse. Ndikungofuna ndiione ikamadutsa."

Anangoti "Oo, chabwino," n'kubwerera pa mbaula yawo. Chabwino ameneyo ndimamudziwa. Ndi uja timauza munthu amene tikumukayikira kuti mutu wayamba kubalalika, koma sitikufuna kumukhumudwitsa.

Sindiwaimba mlandu mayiwo. Kwa zaka pafupifupi 15 inenso ndinkaganiza chimodzimodzi, ndipo ndikanakumana ndi bambo wa imvi m'ndevu akuwerenga mabogi, ndikanamuseka kuposa iwo. Kusiyana kwake n'koti ine sitima ndinazikondapo kwambiri, kenaka n'kuzinyanyala. Pano ndabwererako, ndipo ndikufuna ndinene poyera kuti kunyanyala kuja kunali kupusa, ngakhale kuti nthawiyo ndinkakuona ngati nzeru za munthu amene watsegula maso.

Ndinakulira ku Area 25 njanji ya kuno ikadali yatsopano. Likulu litachoka ku Zomba mu 1975, njanji yochokera ku Salima inafika ku Lilongwe mu 1979 ndi thandizo la dziko la Canada, n'kupitirira mpaka ku Mchinji mu 1980. Anzathu a kum'mwera anali ataizolowera sitima kuyambira 1908, pamene inayamba kuyenda pakati pa Blantyre ndi Nsanje, kumene nthawiyo kunkatchedwa Port Herald. Ku Salima njanji inafika mu 1935 n'kuima pomwepo zaka zoposa 40. Ndiye kwa ife a kuno kumtunda sitima inali mlendo, ndipo ana tinkaithamangira ngati mlendo wobwera ndi masiwiti. Hutala ikangolira cha ku Kanengo, mpira wa chikulunga unkatsala wokha pabwalo.

Amene anapatsa mutu kuthamanga kumeneko ndi atsibweni anga. Iwo ankagwira ntchito m'gulu lokonza njanji cha ku Balaka, ntchito ya piki ndi fosholo, dzuwa lonse lili pamsana. Tchuthi china anandigulira kope la mapeji 40 n'kundiuza kuti, "Iwe, maso paokha amaiwala. Uzilemba. Tsiku, nthawi, nambala ya mutu, mabogi angati, anyamula chiyani." Mutu ndiye injini yokoka ija. Yambiri mwa mitu imene ndinkaiona masiku amenewo inali ya dizilo, yopangidwa ku Montreal, ndipo sipanatenge nthawi ndisanayambe kuisiyanitsa ndi kaliridwe kokha, ndili m'nyumba.

Ndi iwonso amene anandionetsa kuti pamene zitsulo ziwiri za njanji zakumana amasiyapo kampata. Anati ndikakayang'ane m'mawa wa mu Juni, ndidzakayang'anenso masana a mu Okutobala. Kukuzizira, ndalama yachitsulo inkalowamo n'kumagwedera. Dzuwa la chilimwe litaswa mtengo, kampata kaja kanatsala pang'ono kutsekeka, chifukwa chitsulo chikatentha chimatalika. Kadakada timamva sitima ikamayenda uja ndi mawilo akudumpha timipata timeneto. Phunziro limeneli litadzabwera m'kalasi ndinakhoza bwino, aphunzitsi n'kumadziguguda pachifuwa kuti ndi khama lawo. Tsiku lina atsibweni anandipeza ndikuyala zitsekerero za mabotolo pa njanji kuti sitima iziphwathalitse. Khofi limene ndinalandira ndimalimvabe. "Sitima si njinga," anatero. "Dalaivala atakuona n'kumanga mabuleki pompano, ikakaima uko, iwe tikukutola m'lichero."

Kukwera ndinadzakwera nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992. Tinanyamukira pa Balaka. Pa Nkaya sitima inapatukira kum'mawa, pa njanji imene inatsegulidwa mu 1970 kuti itilumikize ndi doko la Nacala, tinaoloka Shire pa Liwonde, mpaka ku Nayuchi kumalire. Pobwerera munalibe poponda: matumba a mpunga, mitanga ya nsomba zouma, njinga, nkhuku zomangidwa miyendo zikusuzumira pansi pa mipando. Paliponse pomwe taima amayi ankathamangira m'mawindo ndi malichero pamutu. Kwa anthu a m'midzi imeneyo, kutali ndi msewu wa tala, sitima inali msika, basi ndi ambulansi nthawi imodzi. Ndinalemba mapeji anayi tsiku limenelo.

Chidwi sichifa tsiku limodzi, chimayamba chadwala. Changa chinagwa mphasa mu 2003, madzi atakokolola mlatho wa pa Rivirivi kufupi ndi Balaka. Mlatho umodziwo unalekanitsa Salima, Lilongwe ndi Mchinji ndi njanji yonse yotsala, ku Kanengo kunangoti zii. Kum'mwera zinali zitachitika kale mu 1997 pa Chiromo, ndipo kuchokera pamenepo sitima inaleka kufika ku Bangula ndi ku Nsanje. Pakati pa ngozi ziwirizi, mu 1999, boma linapereka ntchito yoyendetsa njanji kwa kampani ya Central East African Railways. Mlatho wa pa Rivirivi unadzakonzedwa, koma sitima za kuno zinkangobwera mwa apo ndi apo, ndipo dzinja lililonse tinkakhala tikudikira kumva kuti kwadukanso pati. M'kope mwanga munayamba kuchuluka mizere ya tsiku lokha, popanda nambala.

Mu Ogasiti 2010 anatsegula kachigawo kochokera ku Mchinji kukafika ku Chipata, njanji yathu itadikira pamalire zaka 30. Mtima unadumpha. Ndinkaona kale m'maso mwanga katundu wa ku Zambia akudutsa pa Kanengo m'mawa ndi madzulo, ndinagula ngakhale kope latsopano. Kope limenelo mkazi wanga anadzalisandutsa lolembamo ngongole za pa okala yake, ndipo kumeneko n'kumene linadzaza msanga.

Koma chimene chinamaliza zonse ndi foni. Nditagula foni ya intaneti ndinayamba kuchezera pa YouTube usiku wonse. Ndinaona Shinkansen ya ku Japan ikuthamanga ngati chipolopolo, n'kumva kuti inayamba mu 1964, chaka chomwe ife tinalandira ufulu. Ndinaona Gautrain ya ku Johannesburg. Mu 2017 a ku Kenya anatsegula yawo ya Mombasa kukafika ku Nairobi. Vidiyo iliyonse inkandisiya ndi chinthu chotsamwitsa pakhosi. Zikachitika kuti ndakumana ndi sitima yathu ikukwawa cha ku Kanengo, utoto utasuluka, m'maso mwanga inkangokhala umboni pa mlandu umene ndinkazenga dziko langa. Nambala ya mutu sindinkaiyang'ananso. Kope lakale lija linakathera m'katoni, pansi pa malipoti a kusukulu ndi makhadi a maukwati a anthu ena.

Apa m'pamene ndinasochera, ndipo ndaona anzanga ambiri opita kusukulu akusochera momwemo pa mpira wathu, pa nyimbo zathu, ngakhale pa mzinda wathu uno. Timatenga chinthu chimene tinkachikonda n'kuchisandutsa chikoti chokwapulira dziko. Kudandaula kumakoma, eti? Pa gulu la WhatsApp wodandaula amaoneka wozindikira, woyenda, wosapusitsidwa. Ndipo n'kosavuta. Wodandaula safunika kudzuka m'mamawa kukaima ku Mgona, chifukwa zonse akuzidziwa kale. Ine ndinatha zaka ndikuyankhula za njanji mothimbirira, ndikukonza ena pa mabala a ku Bwandilo, chikhalirecho kunjanjiko ndinali ndisanapondeko phazi. Akulu anati Kandimverere anakanena za m'maluwa. Kandimverere wanga anali foni.

Ndiye muonjezepo Lilongwe mwini wake, mzinda wa geni. Kuno chilichonse chimene munthu ukuchita chimayenera kuyankha funso limodzi: chikukupindulira chiyani? Ukaweta nkhunda akufunsa kuti imodzi ukugulitsa zingati. Ukadzala maluwa akuti bwanji osatsegula nazale. M'chiyankhulo chathu mulibenso dzina laulemu la chinthu chimene munthu wamkulu amachita pongofuna kusangalatsa mtima wake. Timati zocheza, zotayitsa nthawi, kapena kungoti zachibwana. Chodabwitsa n'choti mpira tinaupatsa chikhululukiro. Bambo angathe kudziwa nambala ya jezi ya wosewera aliyense wa Bullets kapena Silver Strikers, kukumbukira amene anagoletsa Arsenal itagonja zaka 10 zapitazo, kulephera nsima Nomads ikaluza, ndipo palibe amamufunsa kuti wataya chiyani. Ine ndilembe nambala ya mutu wa sitima imene yabweretsa feteleza amene iye akalimire, wamisala ndi ine.

Mu Julayi 2024 sitima yonyamula mafuta kuchokera ku Nacala inafika ku Kanengo, koyamba patatha zaka 21, ndipo mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, anakailandira. Ndikanakonda nditanena kuti chidwi changa chinadzuka tsiku limenelo, koma lingakhale bodza. Ine amene ndinagonapo pa mzere wa mafuta kangapo, udzudzu ukundidya m'galimoto, ndinangoti "zandale izi" n'kupitiriza zanga.

Amene anandidzutsa ndi mwana wa mchemwali wanga, wa zaka 9, yemwe anaiona sitimayo pa kanema. Titakhala pakhonde madzulo anandifunsa kuti, "Ankolo, sitima ilibe chiwongolero eti? Nanga imakhota bwanji?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuuze kuti imangotsatira njanji basi, akasewere. Koma m'mutu munabwera atsibweni anga, atakhala pa mpando wa ndalema kuseri kwa nyumba ya ku Balaka, makapu awiri ali m'manja. Ndinamutuma mwanayo kuti akatenge makapu awiri apulasitiki ofanana, aja otambalala kukamwa n'kuwonda kumunsi. Tinawalumikiza kukamwa ndi kukamwa, n'kumanga ndi selotepi. Tinatenga timatabwa tiwiri tosalala n'kutiyala motsetsereka kuchokera pa sitepe, motalikirana pang'ono, ngati njanji. Titagubuduza makapu aja anatsika bwinobwino. Akati apendekere kumanja, ankabwerera okha pakati. Tinawamasula n'kuwalumikiza chamatako, tinagubuduzanso, sanafike n'komwe pakati, anagwera kumbali. Mwanayo anabwereza kasanu ndi kawiri, kufuna kugwira pamene ndikumunamiza.

Mawilo a sitima ndi otero. Awiriawiri amalumikizidwa ndi chitsulo chimodzi ndipo amazungulira pamodzi, koma lililonse n'lonenepa chakum'kati n'kuwonda pang'ono chakunja. Pokhota, wilo lakunja limayendera pamene pali ponenepa, lam'kati pamene pali powonda, ndiye lakunja limayenda mtunda wotalikirapo pa kuzungulira komweko, sitima n'kukhota yokha. Kamlomo kam'kati mwa wilo kaja n'kongotchinjiriza zikavuta. Ndikumufotokozera mwanayo zimenezi ndinadzimva mawu anga atasintha. Zaka zonse zija ndinkayankhula za sitima ngati munthu wa pamaliro. Tsiku limenelo ndinkayankhula ngati munthu amene akuonetsa mlendo munda wake.

Loweruka lotsatira tinapita kunjanji. Sitima sinadutse, koma sitinabwereko chimanjamanja. Ndinamuonetsa kuti m'nthiti mwa chitsulo cha njanji mumakhala zilembo zotukuka, zonena amene anachisula ndi chaka chake. Tinapukuta dothi ndi chisononkho cha chimanga n'kupeza chaka cha ine ndisanabadwe. Anandifunsa chifukwa chimene sitima ya kuno imayendera pang'onopang'ono. Kale ndikanayankha kuti "ndi Malawi ameneyo." Koma yankho lina, lomwenso ndi loona, n'loti Salima ili mamita pafupifupi 500 pamwamba pa nyanja yamchere pamene Lilongwe ili pa mamita oposa 1,000, ndipo chitsulo pa chitsulo chimaterera. N'chifukwa chake njanji imakwera phiri mokhotakhota ngati nkhalamba, ndipo mutu wa sitima umayenda ndi mchenga wouma umene umathira kutsogolo kwa mawilo pa chitunda kapena mvula ikagwa. Kuterera komweko ndiye phindu lake la njanji: pamalo athyathyathya mutu umodzi umakoka katundu amene akanafuna mdipiti wa mathiraki, aja amatikumbira maenje pa M1.

Usiku umenewo ndinafuna kufunsa atsibweni zinthu zingapo. Anamwalira m'zaka zanga za kunyanyala zija. Munthu amene ankadziwa kamlatho kalikonse kuchokera pa Balaka kudutsa Bilila ndi Sharpevale mpaka ku Golomoti, amene ankatha kukuuza kuti madzi akadzasefukira adzayambira pati, ndinkapita kukamuona n'kumamuonetsa mavidiyo a ku Japan. Iwo ankangogwedeza mutu mwaulemu n'kuti, "Zili bwino kumeneko." Sindinawafunsepo ngakhale funso limodzi lanzeru, sindinawajambule mawu, foni ili m'manja. Mkwiyo wanga sunakonze mlatho uliwonse. Chimene unakwanitsa n'kunditayitsa zaka zomaliza za mphunzitsi wanga.

Ndikudziwa zimene ena anene, chifukwa ndinkazinena ndekha. Choyamba adzati anthu akugona ndi njala, ndiye wina akulemba za makapu apulasitiki. Ndikuvomera kuti njala ndi nkhani yaikulu kuposa kope langa. Koma amene akunena zimenezi madzulo ano akhala pa bawo kapena pa vidiyo sho kuonera mpira wa ku England, ndipo akuchita bwino. Munthu si ng'ombe ya pangolo. Komanso m'mene ndikuonera, pa zosangalatsa zonse za mu mzinda uno changachi ndiye chotchipa: kope, bolopeni, ya minibasi ndi chimanga chootcha chimodzi. Kwa azungu okonda sitima amagula tizidole ta sitima tokwera mtengo n'kudzaza chipinda. Ife tinkalumikiza mabokosi a machesi ndi ulusi wa pa thumba la feteleza, ndipo ankayenda.

Chachiwiri n'cholemera. Adzati njanji imeneyi sanamangire ife. Atsamunda anaimanga kuti azitulutsira tiyi, fodya ndi thonje. Mlatho wautali wa Dona Ana pa Zambezi, umene unatha mu 1935, pamodzi ndi njanji yopita ku Beira, zinasiya ngongole imene inalemera pa Nyasaland kwa zaka zambiri, ndalama zomwe zikanamanga sukulu ndi zipatala. Lero sitima zazitali kwambiri zodutsa m'dziko muno ndi za malasha, zochokera ku Moatize, kudzera pa Nkaya ndi Liwonde, kupita ku Nacala, mtunda wa makilomita 912, pa njanji imene kampani ya Vale ya ku Brazil inamanga ndi kukonzanso. Malasha si athu, kumene akupita si kwathu. Zonsezi n'zoona. Koma funsani kuti amene amazidziwa mwatsatanetsatane ndi ndani. Ndi omwe aja oima m'mbali mwa njanji ndi makope. Kukonda chinthu sikutseka munthu maso. Ine mbiri yowawayi ndinaiphunzira chifukwa chofuna kudziwa kumene njanji ya pa Kanengo imathera.

Ndipo apa pali chimene ndachiona nditabwererako, chomwe sindinkayembekezera: wokonda amadandaula molondola kuposa wonyanyala. Tengani nyimbo imene imaimbidwa kawirikawiri, yoti vuto ndi loti njanji yathu ndi yopapatiza, yachitsamunda, tizule yonse timange yotambalala ngati ya ku Kenya kapena yamagetsi ya ku Tanzania imene inafika ku Dodoma mu 2024. Inenso ndinkaimba nawo, mokweza. Pakati pa zitsulo ziwiri za njanji yathu pali mamilimita 1,067. Mpata womwewu ndi umene uli ku Mozambique, ku Zambia, ku Zimbabwe, pa TAZARA ndi ku South Africa, kumene pa njanji ya Sishen kupita ku Saldanha amakoka mabogi oposa 300 a miyala ya chitsulo ulendo umodzi. Ku Japan komwe ndinkasirira kuja, mukachotsa Shinkansen imene ili pa mamilimita 1,435, sitima zambiri zonyamula anthu tsiku ndi tsiku zimayenda pa 1,067 yathu yomweyi. Ngakhale za malasha zodutsa pa Liwonde, mabogi oposa 100, zili pa mpata womwewu. Tikanati titambalitse yathu tokha, tikanadzitsekera pakati pa aneba onse.

Chimene chimapha njanji yathu ndi madzi ndi kusasamala. Rivirivi anali madzi. Chiromo anali madzi. Ngalande yotsekeka ndi zinyalala, kamlatho kodzaza mchenga, munda wolimidwa mpaka m'mphepete mwenimweni mwa miyala, zimenezi ndizo zimagwetsa njanji mu Januwale. Palibe wandale amene angakwere pa nsanja kukalonjeza kuti adzatsegula ngalande, chifukwa palibe amene angamuombere m'manja. Amalonjeza sitima yamagetsi, ife n'kululutira. Dziko likanakhala ndi anthu ochulukirapo odziwa kusiyanitsa ziwirizi, mwina pa msonkhano wina wina akanaimika dzanja n'kufunsa kuti milatho ya pakati pa Salima ndi Kanengo anaiyendera liti komaliza.

Palinso manja athu omwe. Tsiku lija ndi mwana wa mchemwali wanga, tikuyenda cham'mbali, tinawerenga malo angapo pamene tizitsulo togwira njanji tinali titazulidwa, ndi pena pamene miyala ya kwale inaoneka kuti inawoledwa ndi fosholo. Tonse tikudziwa kumene zimapita: kwa ogula zitsulo zakutha, ndi m'maziko a nyumba zimene zikumera usiku ndi usana mu mzinda uno. Sindikunamizani kuti makapu awiri angaletse munthu wa njala kuzula bawuti. Koma chinthu chimene aliyense amachitcha "cha boma" ndipo palibe amene amachiyang'ana ndi diso lachikondi chimafanana ndi mbuzi yopanda mwini pa msika. Mwana uja atafika pa malo oyamba opanda kachitsulo anaima n'kufunsa kuti, "Ndiye sitima ikagwa apa?" Ana ambiri a ku Mgona ndi ku Area 25 amadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku, ndipo palibe anawapatsapo chifukwa chofunsira funso limenelo.

Kumbali ya osunga njanji nakonso kuli kotseka. Tsiku lina ndinaima kunja kwa mpanda wina n'kujambula mutu wa sitima umene unali chiimire. Mlonda anabwera akuthamanga. "Akulu, mukujambula chiyani? Mwatumidwa ndi ndani? Fufutani pompano." Ndinafufuta, chifukwa mnyamatayo ankangoteteza ntchito yake, ndipo m'dziko loba mabawuti munthu woyang'anitsitsa chitsulo amakayikitsa. Koma taganizani: chinthu chimene chimadutsa poyera pakati pa midzi, aliyense akuchiona, chikhale chinsinsi pa chithunzi? Pempho langa ndi laling'ono. Tsiku limodzi pa chaka geti litsegulidwe, ana a sukulu za ku Kanengo, ku Senti ndi ku Area 49 alowe, akwere pa mutu umene wazimitsidwa, dalaivala awaonetse kuti injini ya dizilo ija kwenikweni imapukusa jenereta, ndipo magetsi ake ndiwo amazunguza mawilo. Pakhale mkulu mmodzi wopuma ntchito wowauza za masiku a nkhondo, pamene asilikali athu ankalondera njanji ya ku Nacala. Akuluakulu amenewa akutha mmodzimmodzi m'makomboni a ku Limbe, ku Balaka ndi ku Salima, ndipo zimene akudziwa zikupita nawo kumanda monga zinapitira za atsibweni anga. A ku Blantyre ali ndi mwayi pang'ono, chifukwa mitu iwiri yoyambirira ya nthunzi inasungidwa, Thistle ku Limbe ndi Shamrock ku nyumba yosungira zakale ya ku Chichiri. Mwana wa ku likulu la dziko alibe n'komwe pokagwira chitsulo cha sitima popanda kuthamangitsidwa.

Za sitima yonyamula anthu kuchokera ku Lilongwe kupita ku Salima kapena ku Limbe ndimazifuna ngati wina aliyense amene anapanikizidwapo anayianayi mu minibasi, thumba la mwini wake lili pamiyendo. Ntchito yokonzanso njanji ya ku Marka ndi ku Bangula ndimaitsatira, ndipo tsiku limene sitima idzaolokenso pa Chiromo ndidzapeza ya basi ndikaone. Kungoti mtima wanga sindiukolekanso pa tsiku lotsegulira chinthu. Ndinaukolekapo mu 2010, unagwa n'kusweka, ndipo zinanditengera zaka kuutola. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Wanga pakadali pano ndi mutu umodzi wotopa ukukwera kuchokera kunyanja ndi matanki kapena matumba a feteleza, nthawi imene wafuna wokha, kawirikawiri ine kulibe.

Kope lakale lija ndinalifukula m'katoni. Chiswe chinadya ngodya imodzi, ndipo inki ya mu 1994 inasanduka yofiirira, koma manambala akuwerengeka. Kumapeto kunatsala mapeji asanu ndi limodzi osalemba, ndiye ndinapitiriza pomwepo, pansi pa mzere womaliza wa tsiku lopanda nambala. Mwana wa mchemwali wanga ali ndi lake, ndipo timakangana. Ulendo wina iye anapeza mabogi 17, ine 18, mpaka lero nkhaniyi sinathe, akuti ankolo maso ayamba kutha.

Loweruka lapitali ndinapitanso ndekha, iye ali ku mayeso a kalasi ya tchalitchi. Ndisanatsegule n'komwe kope, mayi a chimanga aja anandikodola.

"Bambo a sitima, mwachedwa. Yadutsa m'bandakucha, tikuyatsa moto."

"Inali ndi mabogi angati, mayi?"

"Aa, ine ndiziwerenga mabogi, chimanga chipsereze ndani? Inali yaitali basi. Mugula chingati?"

Ndinagula chiwiri. Ndinakhala pa mwala, patali ndi njanji monga anandiphunzitsira atsibweni, n'kulemba tsiku, kenaka: yadutsa m'bandakucha, kulowera ku Mchinji kapena ku Salima sanandiuze, yaitali basi.